Kutseka muzu wa dzino: zipangizo zake ndi ndondomeko yozigwiritsira ntchito

Munthu amene dzino lamugoneka maso usiku wonse amafika kuchipatala atagamula kale mlandu wakuti lizulidwe basi. Kuno kwathu nkhani imathera pomwepo kawirikawiri, popeza kuzula n'kotsika mtengo, n'kwachangu, ndipo m'zipatala zambiri ndicho chithandizo chokhacho chimene chilipo. Komabe dzino limene mtsempha wake wafa kapena watupa likhoza kupulumuka ndi chithandizo chimene madokotala amachitcha root canal, pamene dotolo amaboola dzinolo, kuchotsa mtsempha wowola, kutsuka tinjira ta m'kati mwa muzu, kenako n'kutitseka. Malangizo ano akukhudza gawo lotsiriza lija la kutseka, ndipo ndawalembera makamaka ophunzira za mano ndi othandizira dotolo, ngakhale kuti wodwala wofuna kudziwa chimene chikuikidwa m'dzino lake apezamonso zomuthandiza.

Musanagwire chipangizo chilichonse, mvetsani ntchito imene mukuchipatsa. Chotsekera muzu sichichiritsa dzino. Chimene chimachiritsa ndi kutsuka, chifukwa matenda a kunsonga kwa muzu amayamba ndi tizilombo tochokera m'kamwa. Zimenezi anazionetsa Kakehashi ndi anzake mu 1965 pofufuza makoswe: amene analeredwa opanda tizilombo m'thupi sanachite mafinya ngakhale mitsempha ya mano awo inasiyidwa poyera, pamene makoswe wamba anachita. Ntchito ya chotsekera ndi kudzaza mpata umene watsukidwa, kuti tizilombo tochepa totsalira tisowe chakudya ndi malo oswana, ndiponso kuti tatsopano tisapeze polowera.

Choncho choyamba n'kuona ngati dzinolo lakonzekadi kutsekedwa. Likhale lotchingidwa ndi kansalu ka labala kotchedwa rubber dam, kamene Sanford Barnum wa ku New York anayambitsa mu 1864, kuti malovu asalowemo komanso kuti kachitsulo kakapulumuka m'manja kasagwere kukhosi. Tinjira tonse tikhale tapezeka, ndipo apa samalani ndi dzino loyamba lotafunira lakumwamba, limene kawirikawiri limakhala ndi tinjira tinayi ngakhale mizu yake ndi itatu. Kutalika kwa kanjira kalikonse kukhale kutayezedwa ndi kulembedwa. Potsuka, mankhwala odalirika ndi sodium hypochlorite, omwe aja opezeka m'mankhwala oyeretsera zovala, osungunulidwa pamlingo wa pakati pa 0.5 ndi 6 peresenti. Amenewa amapha tizilombo ndi kusungunula zotsalira za mtsempha. Pambuyo pake thiranimo mankhwala ena otsukira otchedwa EDTA a 17 peresenti kwa mphindi ngati imodzi, kuti achotse phala la fumbi limene timafailo, tizitsulo tosemera kanjira, tasiya m'makoma ake, chifukwa phala limeneli limatseka timabowo ting'onoting'ono timene chomatira chimayenera kulowamo. Ngati mumagwiritsanso ntchito mankhwala ena ophera tizilombo otchedwa chlorhexidine, musalole kuti akumane ndi hypochlorite m'kanjira, pakuti akasakanikirana amapanga matope ofiirira amene amadetsa dzino ndi kutseka timabowo tomwe tija.

Tsopano umitsani ndi timapepala tosongoka, ndipo kapepala kalikonse kakatuluka mukayang'anitsitse. Koyamba kamatuluka konyowa ndi kolefuka, kachiwiri chimodzimodzi, koma pofika kachinayi kapena kachisanu kamayenera kutuluka kouma, koyera, nsonga yake ili chiimire. Kakamatulukabe ndi chikasu cha mafinya, magazi kapena fungo, tsiku lotseka silinafike. N'chimodzimodzinso ngati nkhama zatupa kapena wodwala akudzidzimuka mukagogoda dzinolo. Zikatero ikanimo calcium hydroxide, phala loyera la mtundu wa laimu limene Hermann anayamba kugwiritsa ntchito ku Germany mu 1920. Mphamvu yake ili pa ukali wake, umene pa muyeso wotchedwa pH umafika pafupifupi 12.5, amene tizilombo tambiri sitipirira. Matani pamwamba ndi simenti yongoyembekezera yokhuthala mamilimita atatu kapena anayi, ndipo wodwala abwerenso pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Ndikudziwa kuti kuuza munthu amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ndalama yokwerera minibasi kuti abwerenso n'kowawa, koma kutsekera mafinya m'kati kudzamubweza atatupa tsaya, ndipo ulendo umenewo dzino silidzapulumukanso.

Chachiwiri n'kusankha chodzazira chenicheni, ndipo pano palibe mkangano waukulu: ndi gutta-percha. Umenewu ndi utomoni wa mitengo ya mtundu wa Palaquium yomera ku Malaysia ndi m'zilumba zoyandikana nalo. Anthu akumeneko ankaumbira zigwiriro za mipeni, ndipo William Montgomerie, dotolo amene ankagwira ntchito ku Singapore, atautumiza ku London mu 1843, unatchuka kwambiri pokutira mawaya a telegalafu odutsa pansi pa nyanja. Mu 1867 dotolo wa mano wa ku America dzina lake Bowman anautsekera mizu, ndipo patapita zaka zoposa 150 sichinapezeke china chouposa. Timitengo tofiirira ta gutta-percha timene mumaona m'kabokosi, timene timalowetsedwa m'kanjira, sitili utomoni wokhawokha. Gutta-percha weniweni ndi pafupifupi 20 peresenti chabe, gawo lalikulu la 60 mpaka 75 peresenti ndi zinc oxide, ndipo chotsalacho ndi phula, utoto ndi mchere wa zitsulo monga barium sulphate, umene umachititsa kuti kamtengoko kaoneke koyera pa X-ray. Ubwino wake ndi wakuti thupi silimadana naye, sachita dzimbiri, amafewa akatenthedwa kufika cha m'madigiri 60, ndipo amachotseka ngati chithandizo chiyenera kubwerezedwa. Chofooka chake n'chimodzi koma chachikulu: samamatira ku khoma la dzino, ndiye chifukwa chake sayenda yekha popanda chomatira.

Kasungidwe kake nakonso n'kofunika m'dziko lotentha. Timitengo tikakhalitsa padzuwa kapena pashelefu yotentha timauma n'kumathyoka. Sungani bokosi pamalo pozizira ndi pamdima, ndipo musanagwiritse ntchito bokosi lakale, tengani kamodzi mukakoke pakati pa zala. Kabwino kamatanuka pang'ono kasanaduke, pamene kokalamba kamangoti thyo ngati kaudzu kouma.

Chachitatu n'kuyesa kamtengo kakakulu, kamene kadzatseke kunsonga. Timitengoti tili ndi manambala ndi mitundu yofanana ndi ya timafailo: 15 ndi woyera, 20 wachikasu, 25 wofiira, 30 wabuluu, 35 wobiriwira, 40 wakuda, kenako mitundu imayambiranso. Nambala imatanthauza kunenepa kwa nsonga, moti 30 ndi milimita 0.30. Sankhani kofanana ndi failo yomaliza imene inafika kunsonga, ndipo kakulidwe kake kuchokera kunsonga kupita kumtunda kagwirizane ndi mmene mwasemera kanjirako. Gutta-percha salowa m'makina ophera tizilombo ndi nthunzi chifukwa amasungunuka, choncho viikani kamtengoko mu hypochlorite kwa mphindi imodzi, kenako mukatsukuluze ndi kukaumitsa. Kagwireni ndi kapani pamlingo umene munayeza, mukalowetse pang'onopang'ono, ndipo kakafika mukakoke mofatsa. Muyenera kumva kakugwira pang'ono kunsonga, monga mmene chinangwa chimakanira chisanazuke m'dothi lonyowa. Kakangotuluka mosavuta ndiye kuti n'kochepa, ndipo mudule theka la milimita kunsonga ndi mpeni wopanda tizilombo kapena mutenge nambala yotsatira. Kakatuluka katapindika nsonga ndiye kuti kagunda penapake kasanafike. Kakalowa kupitirira mlingo, katulukira kunja kwa muzu. Mukakhutira jambulani X-ray kamtengoko kali momwemo. Chotsekera chizithera pakati pa theka la milimita ndi mamilimita awiri nsonga ya muzu isanakwane, ndipo kafukufuku wa Sjögren ndi anzake ku Sweden mu 1990 anaonetsa kuti mano otsekedwa m'kati mwa mamilimita awiri amenewa ndi amene amachira bwino kuposa ofupikira kwambiri kapena opitirira.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene ophunzira amafunsa mafunso ambiri, ndi kusankha chomatira, chimene amachitcha sealer. Ntchito yake ndi kudzaza timipata tonse pakati pa gutta-percha ndi khoma, kuphatikizapo tinjira ta m'mbali timene failo silingafike.

Chakale kwambiri ndi zinc oxide yosakaniza ndi eugenol, mafuta ochokera ku zonunkhira za clove, ndipo ndiye mwini wa fungo lija limene munthu amalimva akangolowa m'chipinda cha dotolo wa mano. Rickert anatulutsa kasakanizidwe kake mu 1931, ndipo Louis Grossman wa ku Philadelphia anakakonzanso mu 1958 pochotsamo siliva amene ankadetsa mano. N'chotsika mtengo, chimapezeka mosavuta, chimachedwa kuuma motero chimapatsa wophunzira nthawi yokwanira, ndipo chikadontha pang'ono kunja kwa muzu thupi limachimwa pakapita nthawi. Koma kusungunuka komweko kumachitikanso m'kati ngati mwachiika chochuluka, ndipo eugenol amalepheretsa zomatira zoyera za composite kuuma bwino, motero mphako ya dzino iyenera kupukutidwa ndi thonje la sipiriti musanamate pamwamba.

Chomatira china ndi cha epoxy resin, chodziwika kwambiri ndi AH Plus cha kampani ya Dentsply, chimene chinalowa m'malo mwa AH 26. Chimabwera m'timachubu tiwiri tosakaniza mofanana, chimamatira bwino ku khoma, sichisungunuka wamba, chimapereka maola ngati anayi ogwirira ntchito ndipo chimauma pakatha maola ngati asanu ndi atatu. Chimafuna kanjira kouma ndithu. Ofufuza ambiri akamayesa chomatira chatsopano amachiyerekeza ndi chimenechi, ndipo ine ndikanafunsidwa chimodzi chokha choti chipatala chigule, ndikanatchula cha mtundu umenewu.

Palinso za calcium hydroxide monga Sealapex ndi Apexit, zimene thupi limazilandira bwino koma zimasungunuka msanga, za glass ionomer zimene zimavuta kwambiri kuchotsa, ndi za silicone monga RoekoSeal ndi GuttaFlow.

Zatsopano ndi za calcium silicate, zimene malonda amazitcha bioceramic, monga EndoSequence BC Sealer, TotalFill ndi BioRoot RCS cha kampani ya Septodont. Zimenezi zimauma pomwa chinyezi cha m'dzino momwemo, sizinyala pouma, ndipo zimatulutsa calcium hydroxide amene amathandiza fupa kumera. Pozigwiritsa ntchito musaumitse kanjira mopitirira muyeso, chifukwa popanda chinyezi sizilimba. Zina mwa izo zimawonongeka ndi kutentha, choncho werengani kapepala ka m'bokosi musanaziphatikize ndi gutta-percha wotenthetsa. N'zodula, ndipo zikauma zimavuta kuboola pobwereza chithandizo. Ndi zipangizo zabwino, koma musakhulupirire aliyense amene angakuuzeni kuti zimakwirira kusatsuka bwino.

Chachisanu n'kusakaniza ndi kupaka. Ngati ndi ufa ndi madzi, sakanizani pagalasi louma, muonjezere ufa pang'onopang'ono ndi kupera bwino mpaka timibulu tonse titatha. Mlingo woyenera mumaudziwa potukula chosakanizira: phala lizitsatira ngati kaulusi kotalika masentimita awiri kasanaduke. Lamadzimadzi limadontha kunja kwa muzu, pamene lolimba limatsekereza kamtengo kasanafike. Pakani makoma pogwiritsa ntchito kamtengo komweko, kapepala kosongoka kapena failo yozungulitsa chobwerera, ndipo chikhale chochepa, chongonyowetsa khoma. Lowetsani kamtengo kakakulu mosafulumira, chifukwa kulowetsa mwamphamvu kumakankhira chomatira kunja monga mmene jakisoni amakankhira mankhwala. Kunsi kwa mano akumbuyo a m'munsi kumadutsa mtsempha umene umapatsa mlomo ndi chibwano mphamvu yomva, ndipo kumwamba kwa mano akumbuyo akumtunda kuli mphako ya m'tsaya. Chomatira chikafika m'malo amenewa wodwala akhoza kukhala ndi dzanzi kapena ululu kwa nthawi yaitali.

Chachisanu ndi chimodzi n'kutsendera. Njira imene ophunzira amayambira, yomwenso siifuna magetsi, ndi yotsendera cham'mbali gutta-percha ali wozizira. Kamtengo kakakulu kakakhala m'malo, lowetsani m'mbali mwake kachitsulo kosongoka kotchedwa spreader mpaka milimita imodzi kapena awiri mlingo usanakwane, mukasiye masekondi angapo, mukazungulitse uku ndi uku, mukatulutse, ndipo pampata pamene kasiya lowetsanipo msanga kamtengo kakang'ono kopakidwa chomatira. Bwerezani mpaka kachitsuloko kakamangolowa mamilimita awiri kapena atatu. Tsenderani ndi zala zokha. Muzu ukatsenderedwa mwankhanza umang'aluka kuchokera pansi kupita m'mwamba ngati nsungwi, ndipo dzino long'aluka chotero mankhwala ake ndi kuzula basi.

Njira ina ndi yotenthetsa, imene Herbert Schilder wa ku Boston anaifotokoza mu 1967. Kachitsulo kotentha kamadula ndi kufewetsa gutta-percha, kenako china chafulati chimamutsindira pansi pang'onopang'ono mpaka patatsala mamilimita anayi kapena asanu kunsonga, ndipo mpata wotsala kumtunda umadzazidwa ndi gutta-percha wofewa wotuluka m'kamfuti. Imadzaza bwino tinjira topotoka ndi tafulati, koma imafuna zipangizo zodula ndi dzanja lozolowera, ndipo chitsulo chotentha chisakhalitse m'muzu kupitirira masekondi ochepa kuopa kupsereza minofu yogwira dzino ku fupa. Palinso timitengo tokhala ndi msana wolimba wokutidwa gutta-percha monga Thermafil, timene timatenthetsedwa m'kauvuni n'kulowetsedwa kamodzi. Njira ya kamtengo kamodzi kokha ndi yoyenera ngati kanjira n'kozungulira, kamtengo kakukwana bwino, ndipo chomatira ndi cha calcium silicate. Kuika kamtengo kamodzi kowonda kosambira m'dziwe la zinc oxide ndi eugenol n'kusiya mpata umene udzatseguke m'tsogolo.

Pali mano ena amene ndondomeko imeneyi siwayenera. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akagwa panjinga n'kuthyola dzino lakutsogolo mtsempha n'kufa, muzu wake umakhala usanamalize kukula, ndipo nsonga imakhala yotseguka moti gutta-percha alibe poimira. Kale ankaikamo calcium hydroxide n'kumasintha kwa miyezi yambiri mpaka thupi litamanga lokha chotchinga, koma kukhalitsa kwa mankhwalawa kunkafooketsa muzu. Masiku ano amagwiritsa ntchito MTA, simenti imene Mahmoud Torabinejad anapanga ku yunivesite ya Loma Linda ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo boma la America linailoleza mu 1998. Kapangidwe kake n'kofanana kwambiri ndi simenti yomangira nyumba, kupatula kuti ndi yoyeretsedwa, yoperedwa bwino, ndipo muli bismuth oxide kuti ioneke pa X-ray. Musayerekeze kutapa simenti ya m'thumba n'kuika m'dzino la munthu, chifukwa imeneyo sinayeretsedwe. MTA amasakanizidwa ndi madzi oyera mpaka akhale ngati mchenga wonyowa, amatengedwa pang'onopang'ono n'kutsindiridwa kunsonga kufikira atakwana mamilimita anayi kapena asanu, ndipo amatenga maola atatu kapena kuposerapo kuti aume. Amathandizanso kutseka pamene chitsulo chaboola khoma la muzu mwangozi. Vuto lake ndi lakuti bismuth amadetsa dzino, makamaka akakumana ndi hypochlorite kapena magazi, choncho pa mano akutsogolo ambiri amasankha simenti ina yotchedwa Biodentine, amene alibe bismuth ndipo amauma m'mphindi ngati 12.

Mano oyamba a mwana, amene adzaguluke, satsekedwa ndi gutta-percha ayi. Mizu yake imasungunuka kuti dzino lachikulire lipeze njira, choncho chodzazira chiyenera kusungunuka nayo limodzi. Pamenepa amaika phala la zinc oxide ndi eugenol lopanda zolimbitsa, kapena la calcium hydroxide ndi iodoform monga Vitapex ndi Metapex.

Zinthu ziwiri muzikane ngakhale zitapezeka m'kabati. Timisomali ta siliva, timene Jasper anayambitsa mu 1933, timaoneka mokongola pa X-ray koma sititsatira maonekedwe a kanjira, ndipo madzi a m'thupi akatifika timachita dzimbiri limene limatupitsa minofu. Choopsa kwambiri ndi phala lokhala ndi paraformaldehyde, monga N2 ya Angelo Sargenti wa ku Switzerland. Phalali limaumitsa minofu imene lakhudza, ndipo likadutsa nsonga ya muzu likhoza kupha fupa kapena kuwononga mtsempha wa m'chibwano mpaka kalekale. Linatchuka chifukwa linkalonjeza kutseka popanda kutsuka mokwanira, ndipo mabungwe a akatswiri a mizu ya mano analikana kalekale.

Chachisanu ndi chiwiri, chimene chimanyozeredwa kwambiri, ndi kutseka pamwamba. Dulani gutta-percha ndi chitsulo chotentha pakhomo pa kanjira, ndipo pa mano akutsogolo mudule m'munsi pang'ono mwa mzere wa nkhama kuti mtundu wake usaonekere. Tsindirani, pukutani chomatira chonse chotsalira m'mphako, kenako valitsani makomowo simenti ya glass ionomer ya milimita imodzi kapena awiri musanamate dzino lonse. Mu 1995 Ray ndi Trope anaunika ma X-ray a mano pafupifupi 1,000 otsekedwa mizu, ndipo anapeza kuti ubwino wa chomata cha pamwamba unkagwirizana kwambiri ndi thanzi la kunsonga kwa muzu. Ndinaonapo mayi wina amene ululu utangotha sanabwerenso kudzamatitsa kwenikweni. Simenti yongoyembekezera inagumuka akutafuna chimanga chokazinga, malovu anakhala akunyowetsa gutta-percha kwa miyezi, ndipo pobwera anali ndi kachithupsa kotuluka mafinya pankhama, ngakhale kuti mizu inali itatsekedwa bwino kwambiri. Ntchito yonse inayambiranso. Uzani wodwala momveka kuti kutha kwa ululu sikutanthauza kutha kwa chithandizo. Dzino lakumbuyo limene lataya makoma limafuna chisoti chophimba nsonga zake zotafunira, kupanda kutero limasweka. Ngati pafunika kuzika kamsomali m'muzu kogwirizira chisoticho, siyani gutta-percha wa mamilimita anayi kapena asanu kunsonga osamukhudza.

Pomaliza jambulani X-ray yotsiriza, ndipo m'buku la wodwala lembani kutalika kwa kanjira kalikonse, nambala ya kamtengo ndi dzina la chomatira. Amene adzabwereze chithandizo, kaya ndi inu nomwe kaya wina, adzafuna kudziwa ngati akukumana ndi gutta-percha amene amafewa ndi mafuta a bulugama kapena a malalanje, kapena ndi simenti ya calcium silicate imene mafuta amenewa saigonjetsa. Wodwala adziwe kuti dzino likhoza kumva kuwawa potafuna kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo paracetamol kapena ibuprofen amakwanira kwa amene mankhwalawa samuvuta, koma kutupa, kutentha thupi kapena dzanzi losatha la mlomo zimafuna kuti abwerere msanga. Mupatseni tsiku lodzaonedwanso pakatha chaka chimodzi, pamene mudzayerekeze X-ray yatsopano ndi yakale kuti muone ngati mdima wa kunsonga kwa muzu ukuchepa. Bala lalikulu la m'fupa likhoza kutenga zaka zinayi kuti litsekeke lonse, choncho ngati mdimawo ukucheperachepera ndipo wodwala akutafuna popanda vuto, pitirizani kumuona chaka ndi chaka osalitsegulanso dzinolo.